Kodi ndingapeze ndalama potsatsa malonda a eni pa foni ndili ku Malomo?

FUNSO



Ndine mnyamata wa ku Malomo, m'boma la Ntchisi. Ndinalemba mayeso a Fomu 4 koma ntchito sinapezeke. Nyengo yokolola ndimagwira ganyu ya pasikelo kwa ogula soya ndi mtedza, miyezi inayo ndimangokhala. Ndili ndi foni yamakono, ndimayendetsa gulu la WhatsApp la achinyamata a kwathu kuno, ndipo pa Facebook anthu amanditsatira ndithu. Ndakhala ndikuonera mavidiyo a anthu amene akuti akulemera ndi affiliate marketing, ati umangomwaza linki basi, ndalama n'kumalowa uli mtulo. Mnzanga wina wa ku Lilongwe akuti ndilipire kaye ndalama yolembetsera kenaka ndibweretse anthu atatu. Ena akuti ndilowe za Amazon, enanso akuti za kubetcha mpira ndiye zolipira bwino. Ndisankhe iti, ndipo ndiyambire pati kuti zindiyendere? Ndithandizeni.

Ine wowerenga wanu,
Malomo, Ntchisi

YANKHO

Achimwene,

Mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba. Ndiyambe ndi chofulumira: ndalama yolembetsera imene mnzanuyo akunenayo musatumize. Ntchito yotsatsa malonda a eni n'kumalandira komishoni ilipodi, ndipo alipo amene akudyetsa nayo mabanja, koma khomo lake si limenelo.

Ntchitoyi imayenda chonchi. Kampani ili ndi katundu woti igulitse. Imakupatsani linki kapena nambala yanuyanu. Munthu akadina linkiyo n'kugula, kompyuta ya kampaniyo imalemba kuti wogulayu wabwera kudzera mwa uje, ndiye inu mumalandira kagawo ka mtengo wa katunduyo. Amazon inayambitsa ndondomeko yake yotere mu 1996, ndipo kulowamo n'kwaulere mpaka lero. Onetsetsani pamene ndalama ikuchokera: ikuchokera pa katundu amene wagulidwa ndi munthu womufunadi. Kampani yoona sikulipiritsani kuti muitsatsire malonda, chifukwa amene akuithandiza ndinu.

Tsopano taonani za mnzanu zija. Mulipire, mubweretse atatu, atatuwo alipire, aliyense abweretsenso ake atatu. Ndalama imene mungalandire pamenepo ndi ya anthu amene mwawakopa, ndipo tsiku limene olowa atsopano adzasowe, onse apansi adzalira. Ndi mmene inathera MMM ya Sergei Mavrodi, imene inasiya anthu ambiri manja ali m'khosi ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria mu 2016. Kuno kwathu Reserve Bank of Malawi yakhala ikuchenjeza anthu kambirimbiri za magulu otere. Ena amabisala kumbuyo kwa kabotolo ka mankhwala kapena kapaketi ka tiyi kuti zioneke ngati malonda. Muwafunse funso limodzi lokha: ndikapanda kubweretsa munthu ngakhale mmodzi, koma n'kugulitsa katundu yekhayo, ndidzalandira zingati? Akayamba kuzungulira, mwadziwa kale yankho.

Tibwere ku Amazon. Iyi ndi kampani yeniyeni ndipo imalipiradi, koma tiyeni tiwerengere limodzi ngati muli pasikelo paja. Komishoni yake imasiyana malinga ndi mtundu wa katundu, ndipo pa zinthu zambiri ndi yochepa. Tiyerekeze kuti chinthu n'cha madola 20 ndipo gawo lanu ndi 3 pa 100 iliyonse. Mwapeza masenti 60. Kuti mufike madola 10 pafunika anthu 17 ogula. Wodina linki yanu ayenera kuika katunduyo m'dengu lake la pa intaneti pasanathe maola 24, apo ayi komishoni yakudutsani. Mukalembetsa, amakupatsani masiku 180 kuti mupeze malonda atatu, mukalephera amatseka akaunti. Ndalama imene mwapeza mwezi uno imatuluka patatha pafupifupi miyezi iwiri. Ndiye dzifunseni nokha: mwa anthu a m'gulu lanu la WhatsApp, ndi angati amene ali ndi khadi la kubanki logulira zinthu kunja? Ndi angati angalipire mtengo wotumizira katundu kuchokera ku America kudzafika ku Ntchisi? Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja n'zosowa ngakhale kwa amalonda akuluakulu a mu Lilongwe. Anthu a m'mavidiyo amene mumaonerawo amalankhula kwa ogula a ku London ndi New York. Ambirinso a iwo phindu lawo lenileni lili pa kukugulitsani inuyo maphunziro a mmene mungalemerere.

Za kubetcha ndikuuzani mosabisa mawu. N'zoona kuti makampani a juga amalipira bwino anthu owabweretsera osewera, ndipo ambiri amalipira potengera ndalama zimene osewerawo aluza. Kutanthauza kuti inu muzisangalala mwezi umene mnzanu wa kabaza waluza ndalama ya tsiku lonse, kapena mlimi wathera ndalama ya feteleza pa foni. Ena mwa makampaniwa ali ndi ziphaso zaboma, choncho si nkhani ya kuphwanya lamulo ayi. Ndi nkhani ya mtima wanu ndi dzina lanu. Anthu amene mungawakokere kumeneko ndi omwewo mumakhala nawo pa maliro ndi pa ukwati. Ine sindingakulangizeni njira imeneyo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, achimwene. Pa ntchito imeneyi katundu ndi wa eni, foni ndi chipangizo chabe, chanu chenicheni chimene mukugulitsa ndi chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa inu. Wotsatsa wa mumzinda waukulu akanamiza anthu, mawa amapeza ena osamudziwa. Ku Malomo zimenezo kulibe. Mukauza bambo wina kuti sola iyi ndi yolimba, batire n'kufa patangotha mwezi, bamboyo sadzaimba foni ku kampani. Adzafika pakhomo pa mayi anu m'mamawa, kabokosi kali m'manja, mawaya akulendewera, n'kufunsa kuti mwana wanu uja ali kuti. Mukawauza zoona, chinthucho n'kuwathandiza, bambo yemweyo adzakubweretserani alamu ake ndi anzake a kumpingo inu osawapempha. Choncho posankha kampani yoti mugwire nayo, yambirani kwa anthu amene amakumverani, osati pa kukula kwa komishoni.

Nanga anthu a kwanuko amagula chiyani? Inu mukudziwa kuposa ine. Amagula mbewu ya soya, ya mtedza ndi ya chimanga. Amagula inokulanti wothira ku mbewu ya soya, matumba a PICS osungira zokolola popanda mankhwala, nyale za sola, mafoni, zipangizo za njinga zamoto. Pa zinthu ngati zimenezi ntchito ya komishoni ilipo kale m'Malawi muno, kungoti ambiri amaitchula kuti uejenti. Makampani a sola monga Yellow, Zuwa Energy, VITALITE ndi SunnyMoney akhala akufikira midzi kudzera mwa anthu a m'madera momwemo, ndipo wogula amatha kulipira pang'onopang'ono pa foni. Maejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba amene mumawaona pa msika nawonso amadyera komishoni. Fufuzani kuti ndi kampani iti imene ikufuna anthu m'dera lanu panopa, ndipo mukalankhule ndi ofesi yawo yeniyeni, osati ndi munthu wongokulemberani pa Facebook.

Mungathenso kupangana ndi wamalonda wa pafupi. Pitani kwa wogulitsa zipangizo zaulimi pa Malomo pompo, pa boma la Ntchisi, ku Mponela kapena ku Kasungu, amene ali ndi chiphaso ndipo katundu wake ndi wodalirika. Muuzeni kuti muzimubweretsera ogula, ndipo aliyense wotchula dzina lanu kapena nambala imene mwagwirizana azilembedwa m'kaundula. Tiyerekeze kuti paketi ya mbewu ndi K10,000 ndipo mwapangana 5 pa 100. Alimi 40 akagula paketi imodziimodzi, yanu ndi K20,000, yolandira pa Mpamba kapena pamanja, popanda kudikira madola. Panganolo lilembedwe papepala, nonse musainire, pakhale ndi mboni.

Kaya kampaniyo ndi ya kuno kapena yakunja, musanavomere ifunseni mafunso awa. Kodi katunduyu ndingamuone ndi kumuyesa ndekha? Chimene simungagulire mayi anu musachitsatse kwa mayi a mnzanu. Kodi akawonongeka, wogula akadandaule kuti, ndipo chitsimikizo chake n'cha miyezi ingati? Kodi adzadziwa bwanji kuti wogula uyu ndabwera naye ndine? Kodi komishoni ndi zingati, imatuluka liti, ndipo pafunika ifike pa zingati kuti ndiitape? Kodi wogula pa ngongole akasiya kulipira, kapena akabweza katundu, ine adzandidula? Pa malonda olipira pang'onopang'ono funso limeneli n'lofunika kwambiri, chifukwa nthawi zambiri komishoni ya ejenti imayendera limodzi ndi kalipiridwe ka makasitomala ake. Chomaliza, ndalamayo idzandifika bwanji m'manja? Kampani yakunja ikhoza kukulemberani madola pa sikirini, koma ngati njira yake yolipirira sifika ku banki ya ku Malawi kapena pa foni yanu, manambalawo simungagulire sopo. Akanena kuti amalipira ndi ndalama za crypto zokha, kumbukirani kuti Reserve Bank inalengeza mu 2019 kuti zimenezo si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, kotero zikasokonekera mulibe kokadandaula. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mukasankha, musayambe ndi kumwaza malinki m'magulu onse. Anthu amatopa nazo, ena amakuchotsani m'gulu. Yambani ndi kuthandiza. Inu mwakhala pasikelo, mukudziwa chifukwa chimene mtedza wina umakanidwa kapena kugulidwa motchipa: chinyezi, chuku, zinyalala. Jambulani kavidiyo kakafupi m'Chichewa, dzanja lanu likuswa mtedza wouma bwino pambali pa wachuku, mufotokoze kayanikidwe koyenera. Tsiku lina muonetse kamangidwe ka thumba la PICS, mmene mumatulutsira mpweya ndi kumanga thumba lililonse palokha, lamkati kaye kenaka lakunja. Zimene simukuzidziwa bwino mukafunse alangizi a zaulimi musanajambule. Munthu amene waphunzira kanthu kwa inu katatu, ulendo wachinayi adzafunsa yekha kuti matumbawo akupezeka kuti.

Tsatiraninso kalendala ya mlimi. Mbewu ndi inokulanti anthu amazifuna mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Matumba osungira mbewu ndi a mu Meyi ndi Juni. Sola ndi foni zimayenda anthu akagulitsa soya, mtedza ndi fodya. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, musakakamize munthu kutenga ngongole ya chinthu chimene sangathe kulipira, ngakhale komishoni ikukuitanani.

Palinso anthu ena amene mwina simunawaganizire: abale a kwanuko amene ali ku Joni, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ambiri amafuna kugulira makolo awo sola, mbewu kapena malata, koma amaopa kutumiza ndalama chifukwa ena anawadyerapo. Mnyamata amene angawauze mtengo weniweni, n'kutumiza chithunzi cha lisiti ndi cha katundu atafika pakhomo pa agogo, sangasowe ntchito. Mbiri yotere imafalikira yokha m'magulu awo.

Nthawi zonse muziwauza anthu poyera kuti mukagula kudzera mwa ine, kampani imandipatsa kangachepe. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC limalamula zimenezi, ndipo Amazon imafuna kuti aliyense woitsatsira malonda alembe mawu otere pa tsamba lake. Kwanuko chifukwa chake n'chachikulu kuposa lamulo: akadzamva kwa ena kuti mumadyapo mobisa, adzakayikira ngakhale zoona zimene munawauza. Muzinenanso zofooka za katunduyo. Ngati sola ija singayendetse TV, nenani kuti singayendetse.

Gulani kope la masamu. Tsamba lililonse mulembe tsiku, ndalama ya bandulo, yotchajitsa foni, ya thiransipoti, anthu amene afunsa, amene agula, ndi komishoni imene yalowadi. Pakatha miyezi itatu muwerengetse. Mukaona kuti bandulo ikudya kuposa zimene zikulowa, sinthani katundu kapena njira, osaonjezera ndalama. Dziwaninso kuti komishoni imakhala ndi msonkho wa MRA, ndiye kampani ikakudulani muziitanitsa chikalata chosonyeza kuti msonkhowo waperekedwa. Nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musapatse munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akufuna akuikireni malipiro. Chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika chipite ku ofesi yodziwika yokha basi.

Ganyu ya pasikelo ija musaisiye, ndipo musakatenge ngongole ku banki m'khonde kapena kwa akatapila chifukwa cha ntchito imeneyi. Miyezi yoyambirira zolowa zimakhala zochepa, mwina osalowa kanthu. Za makampani akunja zikhoza kudzabwera m'tsogolo, mukadzakhala ndi tsamba kapena tchanelo cha YouTube chimene chikuonedwa ndi anthu okhala kumene makampaniwo amagulitsa. Pakali pano sankhani chinthu chimodzi chimene mukuchidziwa bwino, kampani imodzi kapena sitolo imodzi imene mwaifufuza, ndi anthu makumi awiri amene mungawathandize moona nyengo ikubwerayi. Sabata ino pitani mukacheze ndi ogulitsa zipangizo zaulimi awiri kapena atatu, mafunso aja muli nawo papepala. Mukadzawerengetsa m'kope muja pakutha pa nyengo, mudzatilemberenso kuti tidzaone limodzi poyenera kukonza.



Akonzi