Mpata wa msoko: kuti makona a chofunda cha zigamba akumane

Telala akamaweruka, pansi pa makina pamakhala tizidutswa ta chitenje tambirimbiri. Ena amasesa n'kukatentha, koma manja aluso amatilumikiza n'kupanga chofunda chapabedi, zikwama ndi zovekera mapilo. Ntchitoyi imaoneka yophweka mpaka mutasoka mizere iwiri ya zigamba, n'kuigundanitsa, n'kupeza kuti wina watalika ndi chala chathunthu, makona aphonyana. Ambiri amathamangira kunena makina. Kawirikawiri mlandu uli pa kansalu kotsala pakati pa msoko ndi m'mphepete mwa chigamba, kamene ndi mpata wa msoko.

Posoka diresi, telala amasiya mpata wa masentimita 1.5 kapena kuposa, kuti mwini wake akadzanenepa adzamasule. Msoko ukakhota pang'ono palibe amene amaona. Chofunda cha zigamba sichilola zimenezo chifukwa misoko yake ndi yambiri, ndipo kuphonya kumaunjikana. Mukapitirira ndi milimita 1 yokha, msoko uliwonse wadya mamilimita 2, chifukwa wadya chigamba cha pamwamba ndi cha pansi chomwe. Mzere wa zigamba 30 uli ndi misoko 29, ndiye wafupika ndi mamilimita 58, pafupifupi masentimita 6. Winawo mukausoka mawa mutatopa n'kuperewera ndi milimita 1, kusiyana kwa mizere iwiriyo kwaposa masentimita 11. Pamenepo ngakhale mukoke chotani, bedi lidzaulula.

Mapatani ambiri a zofunda zotere amachokera ku America, ndipo amawerengera mpata wa kota ya inchi, womwe ndi mamilimita 6.35. Ku Ulaya ena amasoka pa mamilimita 7.5. Ngati patani ndi yanuyanu ndipo zigamba zonse ndi za makona anayi zofanana kukula, mukhoza kusankha mpata uliwonse, ngakhale sentimita 1, bola ukhale womwewo kuyambira msoko woyamba mpaka womaliza. Koma mukangoti tizigamba tinayi tolumikiza tikakumane ndi chigamba chimodzi chachikulu, kapena mukalowetsa za makona atatu, muyezo uyenera kukhala weniweni. Lamulo lodulira ndi losavuta: kukula kumene mukufuna chigamba chioneke, onjezerani mpata kawiri. Cha mainchi 2 muchidule 2½. Cha masentimita 5, pa mpata wa mamilimita 7.5, muchidule 6.5. Tepi ya telala ili ndi mainchi mbali ina, masentimita mbali inayo. Sankhani mbali imodzi, inayo muiiwale mpaka chofunda chithe.

Anthu ambiri amalondola m'mphepete mwa phazi la makina poganiza kuti ndiyo kota. Pa makina ena zimatheka, pa ena ayi. Makina opalasa ndi mapazi kapena opukusa ndi dzanja, monga Singer akale ndi Butterfly amene adzaza m'makonde a masitolo, ali ndi phazi lopapatiza, ndipo singano yake siisuntha kupita kumanja kapena kumanzere ngati ya makina amagetsi amakono. Poti singano siisuntha, chosuntha ndi malire amene nsalu izitsamira, ndipo malirewo muwakonza nokha.

Tengani pepala lolimba lodulidwa mowongoka, mujambule mzere pa kota ya inchi kuchokera m'mphepete, ndi pensulo yosongoka bwino ndi rula yolimba, osati tepi yansalu, chifukwa ikakalamba imatamuka. Ikani pepalalo pansi pa phazi, mutembenuze gudumu ndi dzanja mpaka singano ibaye, ndipo mutsitse phazi. Singano isabaye pakati penipeni pa mzere. Ibaye m'mbali mwake, cha kumene kuli m'mphepete mwa pepala, kuti mpata uchepeko ndi kukula kwa ulusi umodzi kapena uwiri. Pepala lili pomwepo, matani tepi yomata yapepala pa makina motsatira m'mphepete mwake, kuyambira kutsogolo kwa phazi kubwera kwa inu, osaphimba timano tokoka nsalu. Tepi imodzi ndi mzere chabe woyang'ana ndi maso. Sanjikizani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kapena matani kachidutswa ka katoni, pakhale kakhoma kamene nsalu izigunda. Eni makina akale ayang'anenso kumanja kwa singano: pamakhala kabowo ka sikuluwu komangirapo kachitsulo kolondolera nsalu, ndipo kachitsuloko nthawi zambiri kamangogona m'dirowa mwini wake osadziwa ntchito yake. Mapazi opangidwira kota ya inchi aliponso, koma nawonso musawakhulupirire musanawayese.

N'chifukwa chiyani tikuchepetsa dala? Mukatambasula zigamba ziwiri zosokedwa n'kugonetsa mpata mbali imodzi, nsalu yapamwamba imapinda pozungulira ulusi, ndipo kupindako kumadya kansalu pang'ono. Mukasoka pa kota yeniyeni, chotuluka chimakhala chochepa. Chitenje chokhuthala chimadya kwambiri kuposa nsalu yopyapyala ya malaya, ulusi wonenepa kuposa wowonda. Choncho palibe nambala imodzi imene ndingakupatseni yokwanira nsalu zonse. Choyeza si mpata wa kuseri ayi, koma chigamba cha kumaso chitasitidwa.

Kuyesa kwake ndi kotere, ndipo ine ndimaona kuti pano ndi pamene pagona ntchito yonse. Dulani timizere titatu ta nsalu yomwe musokereyo, kalikonse mainchi 1½ m'lifupi, mainchi 4 kapena 5 m'litali. Tilumikizeni m'litali mwake, musite, muyeze. Kamzere kapakati kakhale inchi 1 ndendende, tonse titatu mainchi 3½. Kapakati kakaperewera, mpata wakula: sendezani tepi cha ku singano. Kakapitirira, itengereni kutali pang'ono. Sendezani mochepa zedi, ngati kukula kwa ulusi, mudule timizere tina, muyesenso. Musamasule takale n'kutisokanso, chifukwa nsalu yomasulidwa imakhala itatamuka ndipo ikunamizani. Yezaninso malo atatu, koyambira, pakati ndi kothera. Pakati pakakhala bwino koma kothera kutatambalala, tepi ilibe mlandu, vuto ndi manja.

Manja ambiri amataya nsalu kumapeto. Chigamba chikamatha, dzanja limathamangira chotsatira, kansonga kotsalako n'kupatuka, msoko n'kuwonda. Chala cha kumanzere chikhalebe pambali pa phazi mpaka nsalu yonse itadutsa, ndipo kansongako mukhoza kukaperekeza ndi nsonga ya pini. Maso akhale pa m'mphepete mwa nsalu pamene ikugunda tepi, osati pa singano. Singano siisochera, chosochera ndi nsalu. Osakoka kumbuyo, osakankha kutsogolo, timano tichite ntchito yake. Ndipo palasani pang'onopang'ono. Liwiro losokera yunifolomu sukulu ikamatsegulidwa silikufunika pano.

Poyamba msoko, makina ena amameza kakona ka nsalu m'bowo la singano. Yambani pa kansanza kopinda pawiri, kenako lowetsani zigamba zanu ziwiriziwiri mondondozana osadula ulusi, mudzazilekanitse ndi sizasi pomaliza. Ulusi umapulumuka, dzanjanso limazolowera njira imodzi. Masitichi akhale a mamilimita 2, singano nambala 80/12, ulusi wowonda wa nambala 50, womwewonso m'bobini.

Simbi imatha kuwononga msoko wosokedwa bwino. Musaikhwekhwereze ngati mukusita thalauza. Ikani, nyamulani, ikaninso. Yambani mwaidinda pa msoko zigamba zisanatambasulidwe kuti ulusi ukhazikike, kenako tambasulani, mugonetse mpata kumbali ya nsalu yakuda kuti usaonekere kumaso. Onetsetsani kuti sipanatsale kakhwinya m'mbali mwa msoko, chifukwa kameneko kakhoza kubisa milimita yathunthu. Simbi yamakala ndi yabwino pa ntchitoyi poti ndi yolemera, kungosamala phulusa. Koma pa mizere yodzalumikizana, mzere woyamba mugonetse mipata yonse kumanja, wachiwiri kumanzere. Polumikiza mizereyo misoko imalowana n'kukolana, mumachita kumva ndi zala, ndipo pini imodzi pa mphambano iliyonse ikwanira.

Za kudula ndingonena mwachidule. Chitenje chatsopano chichapeni kaye, chifukwa chimafupika ndipo china chimasuluka, muchisite musanayeze. Dulani motsatira ulusi wa nsalu, popeza chodulidwa mopingasa chimatamuka pansi pa phazi. Patani yakatoni imalala m'mphepete mukaijambulira kambirimbiri, ndiye muziisintha, kapena muidule papulasitiki yolimba. Choko chonenepa chimawonjezera milimita mbali iliyonse.

Mukamaliza gulu loyamba la zigamba zisanu ndi zinayi za mainchi 2½, zitatu m'litali zitatu m'lifupi, liyezeni musanasoke lachiwiri: likhale mainchi 6½ mbali zonse. Mukasintha mtundu wa ulusi, mukalowetsa nsalu yokhuthala mosiyana, kapena wina akabwereka makina n'kumatula tepi, dulaninso timizere titatu tija. Ngati mukusoka chofunda chimodzi anthu angapo, aliyense ayese pa makina ake, muyerekeze timizere tanu pa rula imodzi musanagawane zigamba.