Citsime Cimodzi, Alonda Ambiri

Werengani: Nehemiya 3:1-32

Ambiri a inu muli ndi ana ku Lusaka, ndipo ena munafikako kukagula nsalu ku Kamwala. Pansi pa masitolo ndi nyumba za mzindawo pali thanthwe la laimu, la ming'alu ndi mapanga, m'mene Mlengi anasungamo madzi. Anthu akumwa madzi amenewa, pamodzi ndi ocokera ku mtsinje wa Kafue. Koma thanthwe lotere silisefa bwino. Zonyansa za m'cimbudzi ca munthu mmodzi zitsika msanga, nizikafika m'citsime ca mnzace. Kolera ya 2017 ndi 2018 inasautsa kwambiri a ku Kanyama, ndipo mu 2024 bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala.

Nanga madzi otere adzawasunga ndani? Boma palokha silingathe, pakuti silikhala pa khomo la yense.

Taonani umo linamangidwira linga la Yerusalemu. Mkulu wa ansembe Eliasibu anagwira nchito, osula golidi ndi amalonda anagwiranso, ndi Salumu anamanga pamodzi ndi ana ace akazi. Ambiri anakonza pandunji pa nyumba zao. Koma omveka a ku Tekowa anakana, ndipo manyazi ao alembedwa kufikira lero. Linga likasiyidwa ndi mpata umodzi, mudzi wonse uli pangozi.

A ku Lusaka aphunzira ici mwa zowawa. Ku Kanyama kuli bungwe la eni malo loyendetsa mipope ya madzi mogwirizana ndi kampani ya madzi ya mzinda. Ndipo mu 2016 anakhazikitsa cigwirizano cochedwa LuWSI, m'mene a boma, a khonsolo, eni mafakitale ndi mabungwe a anthu wamba akhala pa mphasa imodzi kupangana za kucinjiriza zitsime za mzinda. Nchito isanathe, koma njira yace ndi yolungama: wakumwa madzi, wakuwagulitsa ndi wakuwadetsa, onse ayenera kumvana.

Kwathu ku midzi nkhani ndi yomweyo. Pokamba za dambo kapena citsime, amuna acikulire amakhala okha pabwalo, ndipo amai amene alawirira kukatunga saitanidwa. Woweta ng'ombe, wolima dimba ndi woumba njerwa akumva lamulo litapangidwa kale; cifukwa cace alinyoza. Mutu umodzi susenza denga. Pemphani mfumu iitane onsewa, ndipo Akristu tikhale oyamba kufika, oyambanso kusunga cimene capanganidwa, ngakhale citatilanda phindu lathu.

Mafunso:
1. Chulani mitundu ya anthu amene anamanga linga.
2. Ndani m'mudzi mwanu sanafunsidwepo za citsime?
3. Cimbudzi canu ciri kutali motani ndi madzi a anzanu?

Pemphero: Atate, mutiphunzitse kusunga madzi anu ndi mtima umodzi. Amen.