Kusankha deki yoonetsa mafilimu ngakhale bandulo itatha

Munthu akagula TV yaikulu, kapena m'bale wa ku Joni kaya ku Mangalande akalonjeza kutumiza deki, funso limene limabwera ndi lakuti: kodi deki yodula ili ndi chiyani chimene yotchipa ilibe? Ogulitsa amathamangira kuloza zizindikiro za pa katoni, za Netflix, YouTube ndi zina zotero, ngati kuti ubwino wonse wa makinawo wagona pamenepo. Ayi ndithu. Ndalama zanu zipite pa ntchito ziwiri zimene deki imagwira popanda intaneti, zomwe ndi kuwerenga chimbale mosakakamira, ndi kukoka mafilimu amene mwasunga nokha m'nyumba mwanu. Kuti izi zimveke, tiyambe taona zimene zimachitika chimbale chikalowa m'deki.

Zimbale zonse, kaya CD, DVD kapena Blu-ray, n'zofanana kukula kwake, masentimita 12. Kusiyana kuli mkati. Kuseri kwa pulasitiki yonyezimira ija kuli timaenje tosaoneka ndi maso, tondandalikana mu mzere umodzi umene umayambira pakati n'kumazungulira mpaka kumphepete. Deki imazunguza chimbale, ndipo kadiso kake kamaponya kuwala kowongoka kotchedwa laser pa mzere umenewo. Kuwalako kumabwerera mosiyanasiyana malinga ndi pamene kwagunda, ndiye makina amawerenga kusiyanako ngati manambala. CD, imene makampani a Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, imanyamula pafupifupi 700 MB. DVD inafika mu 1996 ndi 4.7 GB. Blu-ray inatuluka mu 2006, ikunyamula 25 GB kapena 50 GB, ndipo Ultra HD Blu-ray ya mu 2016 imafika mpaka 100 GB. Chimene chinasintha ndi kuwala kwa kadiso kaja. Kwa DVD n'kofiira, pomwe kwa Blu-ray n'kwabuluu mopita ku pepo, ndipo kumatha kulunjika pa kadontho kakang'ono zedi, choncho timaenje timathinana kwambiri pa malo omwewo. Za mmene manambalawo amasandukira nkhope ya munthu ndi mawu ake, tiwasiyire akatswiri. Ife tingogwira mfundo yakuti deki yatsopano imawerenga zimbale zakale, koma yakale singawerenge zatsopano.

Nanga mtengo wokwerawo umagula chiyani? Umagula thupi lolimba losanjenjemera chimbale chikamazungulira, injini yosasokosa, kathireyi kotulutsira chimbale kosathyoka msanga, ndi luso lokonza chithunzi cha DVD yakale kuti chisaoneke chophwanyikaphwanyika pa TV yaikulu. Madeki otchuka a mtundu umenewu ndi monga Panasonic DP-UB820, mkulu wake DP-UB9000, ndi Sony UBP-X700. Koma tinene zoona: ngati chimbale chili choyera ndipo chithunzi chikudutsa pa chingwe cha HDMI, maso a anthu ambiri saona kusiyana kwenikweni pakati pa deki ya mtengo wapakatikati ndi yodula kwambiri. Komanso chimbale cha Ultra HD chimafuna TV ya 4K kuti ubwino wake uoneke. Kuika deki yotere pa TV yakale ya chimbuyo chachikulu n'kutaya ndalama. Dziwaninso kuti opanga madeki akuchepa. Oppo, imene madeki ake ankatamandidwa kwambiri, inasiya mu 2018, Samsung inasiya kutulutsa atsopano mu 2019, ndipo LG inatsatira mu 2024. Deki ya Oppo imene mungaipeze lero ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kadiso kake kakafa, kupeza kena si masewera.

Tsopano pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa amazisakaniza dala. Choyamba ndi kuonera filimu kuchokera pa intaneti. Filimuyo ili pa makompyuta a kampani kutali, ndipo imabwera pang'onopang'ono pamene mukuonera, ikudya bandulo yanu. A Netflix eni ake amanena kuti chithunzi cha HD chimatha kudya mpaka 3 GB pa ola, ndipo cha 4K mpaka 7 GB pa ola. Werengerani nokha filimu ya maola awiri, kenako muyerekeze ndi bandulo ya TNM kapena Airtel imene mumagula pamwezi. Ana akafuna kubwereza mawa, mulipiranso. Chachiwiri ndi kukoka filimu imene ili m'nyumba mwanu momwemo, pa laputopu kapena pa hard disk. Rauta imalumikiza laputopuyo ndi deki, filimu n'kumayenda kuchoka kuchipinda kupita pabalaza, osatuluka panja, osakhudza bandulo ngakhale pang'ono. Rauta imagwira ntchito imeneyi ngakhale mulibe intaneti. Njira yoyamba ili ngati kugula ufa wa m'kapepala tsiku lililonse pamsika, pamene yachiwiri ndi kutapa m'nkhokwe yako. Dzina loti muyang'ane pa katoni kapena m'kabuku ka deki ndi DLNA. Awa ndi malamulo amene makampani anagwirizana kuti zipangizo za m'nyumba zizimvana. Bungwe limene linawakhazikitsa linayamba mu 2003 n'kutha mu 2017, koma madeki ambiri akuwatsatirabe, ndipo makompyuta a Windows amatha kugawa mafilimu mwa njira imeneyi mukatsegula malo ake.

Kudalirika kwa njira yachiwiriyi kumayamba ndi chingwe. Filimu ya pa Blu-ray imatha kufuna mpaka 48 Mbps kuti iyende mosadukiza, ndipo ya Ultra HD nthawi zina imapyola 100 Mbps. Wi-Fi imalonjeza zambiri pa katoni, koma ikakumana ndi makoma awiri a njerwa zootcha imafooka, makamaka ya 5 GHz, imene ndi yothamanga koma yosapita patali. Zikatero filimu imaima pakati, kabwalo n'kumazungulira pa TV. Choncho tembenuzani deki muone kumbuyo kwake ngati kuli bowo lolowetsa chingwe cha kompyuta, lolembedwa LAN. Chingwe chimenechi n'chotchipa poyerekeza ndi deki, ndipo sichisamala za makoma kapena za mafoni a alendo amene alumikiza pa rauta. Madeki ambiri bowo lawo limalekezera pa 100 Mbps, zomwe n'zokwanira mafilimu ambiri a m'nyumba. Chinanso ndi mitundu ya mafayilo. Deki ina imalandira MP4 koma n'kukana MKV, ina imaonetsa chithunzi koma mawu zii, ina siionetsa mawu olembedwa pansi aja. Fulashi nayo ili ndi zake: ikakonzedwa mwa njira ya FAT32 singanyamule fayilo imodzi yoposa 4 GB, choncho funsani ngati deki ikuwerenga exFAT kapena NTFS. Zonsezi simungazidziwe pongomvetsera wogulitsa. Nyamulani fulashi yanu yokhala ndi mafayilo atatu kapena anayi osiyana, chimbale chimodzi chatsopano, ndi DVD imodzi yobena imene yayamba kukalika, muyese zonse m'sitolo momwemo musanatulutse ndalama.

Wina anganene kuti zonsezi n'zachikale, foni ndi TV zamakono zimachita kale zonse, nanga chimbale n'chachiyani? Funso limeneli lili ndi mbali yoona. Ngati mulibe zimbale, mulibe TV ya 4K, ndipo chimene mumafuna ndi kuonera mpira ndi nkhani, deki yodula si yanu, ndipo fizi ya ana ikhale patsogolo. Koma taganizirani zimene zili m'makabati a mabanja ambiri: vidiyo ya ukwati, ya chinkhoswe, ya kwaya ya ku tchalitchi, ya maliro a agogo. Zonsezi zinajambulidwa pa DVD, ndipo palibe kampani ya pa intaneti imene inakusungirani. Mafilimu a pa intaneti amabwera n'kuchotsedwa malinga ndi mapangano a eni ake, pamene chimbale chimene munagula chimakhala chanu. Komanso mapulogalamu a intaneti amene ali m'deki ndiwo amayamba kukalamba. Kampani ikasiya kuwakonza, chizindikiro chimangokhala pa TV osatseguka, chikhalirecho kadiso kakuwerengabe zimbale bwinobwino. Amene akufunadi YouTube angagule kachipangizo kakang'ono kosomeka pa HDMI, kamene n'kotchipa ndipo kakakalamba amangosintha. N'chifukwa chake si nzeru kuwonjezera ndalama pa deki chifukwa cha zizindikiro za pa katoni.

Wina anganenenso kuti kuli bwino m'bale agule kunja poti kumeneko n'zotchipa. Zimatheka, koma pali msampha. Opanga mafilimu anagawa dziko m'zigawo, ndipo deki ya chigawo china imakana chimbale cha chigawo china. Pa DVD, Malawi ndi maiko ambiri a mu Africa ali m'chigawo 5, South Africa ndi Britain ali m'chigawo 2, America ili m'chigawo 1. Pa Blu-ray zigawo ndi A, B ndi C, ndipo Africa yense ali pamodzi ndi Ulaya m'chigawo B. Zimbale za Ultra HD zilibe zigawo, ndiponso ma DVD obenedwa kuno kawirikawiri sakhala ndi loko ameneyu. Choncho muuzeni m'bale wanuyo kuti deki ndi zimbale zichokere dziko limodzi, apo ayi afunefune deki yowerenga zigawo zonse. Madeki a Blu-ray opangidwa kuyambira 2012 alinso ndi mlonda wotchedwa Cinavia, amene akazindikira kuti filimu inakopedwa mwakuba, amazimitsa mawu pakatha mphindi pafupifupi 20. Pamenepo deki sinawonongeke. Ndipo potengera kuti oimba ndi ochita zisudzo athu amadya thukuta lawo kudzera m'zimbale zogulidwa moyenera, zimene bungwe la COSOMA limalimbikitsa, si bwino kudzaza kabati ndi zakuba.

Koma chimene chimapha madeki ambiri kuno ndi magetsi, ndipo apa mumvetsere bwino. Magetsi a ku Malawi ndi a 230 V. A ku America ndi a 120 V. Deki yopangidwira ku America mukaisomeka pakhoma pano, utsi umatha kutuluka nthawi yomweyo, ndipo kuika kapulagi kosinthira mano sikuthandiza, chifukwa kamasintha maonekedwe a pulagi okha, mphamvu ya magetsi imakhala yomweyo. Musanasomeke chilichonse chochokera kunja, werengani kachikwangwani kali kumbuyo pafupi ndi chingwe cha magetsi. Pakalembedwa 220 mpaka 240 V, kapena 100 mpaka 240 V, zili bwino. Pakalembedwa 120 V pokha, musayese. Za ku Britain ndi ku South Africa zimagwirizana ndi magetsi athu, ndipo pulagi ya ku Britain ndi yomweyi ya mano atatu imene tili nayo. Ngozi ina imabwera magetsi akazima n'kuyakanso, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyezo n'kuotcha mkati mwa deki. Chizolowezi chabwino n'chakuti magetsi akangozima, zulani pulagi, ndipo akabwera dikirani kaye pang'ono musanasomeke. Nthawi ya mvula ya ziphaliwali zulani zonse, kuphatikizapo rauta, popeza mphenzi imatha kudutsa pa chingwe cha LAN chomwe chija n'kufika ku deki. Gulani chotetezera magetsi chenicheni, osati soketi wamba ya mabowo ambiri imene imangoyaka kanyale kofiira. Amene amagwiritsa ntchito jenereta ayambe ailiza kuti ikhazikike, deki ibwere pambuyo. Munthu amene watha kugula makina odula chonchi sangalephere kugula chotetezera, ndipo ndi bwino kuchigula tsiku lomwelo.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. Kadiso kaja n'kagalasi kakang'ono, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala likakhala pamenepo deki imayamba kulemba kuti mulibe chimbale pamene chilimo. Phimbani deki ndi kansalu ikakhala yozima, koma ikamagwira ntchito chotsani kansaluko kuti ipume, ndipo musaiunjikire dikoda kapena ampulifaya pamwamba. Mphemvu zimakonda kufunda kwa mkatimo, choncho ana asamadyere pafupi ndi kabati ya TV. Chimbale chigwireni m'mphepete. Pochipukuta gwiritsani ntchito nsalu yofewa, kuchokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira, chifukwa kukala kotsata mzere wa timaenje kumafufuta gawo lalitali la filimu, pamene kukala kopingasa makina amatha kukulumpha. Ma DVD obena safuna dzuwa ndipo amafooka pakapita zaka, ndiye vidiyo ya ukwati ija ikopereni pa hard disk chimbale chikadali kuwerengeka.

Mukapita kogula, tengani fulashi yanu ndi zimbale zanu, tembenuzani deki muwerenge za magetsi, muone bowo la LAN, ndipo mufunse za DLNA. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani sitolo ina. Akalola ndipo zonse zayenda, lipirani, koma musachoke opanda lisiti.