Kufesa Mbewu za Ndiwo Pakhonde

Boma la Machinga lili m'chigawo cha kummwera kwa dziko la Malawi. Kale bomali linkatchedwa Kasupe, ndipo dera la Balaka lidali mbali yake kufikira chaka cha 1998 pamene Balaka idakhala boma payokha. Kuvuma kwa Machinga kuli nyanja ziwiri, Chilwa ndi Chiuta. Kuzambwe kuli mtsinje wa Shire umene umadutsa pa Liwonde. M'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje anthu ali ndi madimba m'mene amalimamo tomato, kabichi, anyezi, mpiru, repu ndi tsabola.

Ndiwo zamasamba ndi zofunika pa banja lililonse. Masamba obiriwira ali ndi vitamini A amene amathandiza maso kuona bwino. Tomato ali ndi vitamini C amene amathandiza zilonda kupola msanga. Ndiwo zikachuluka, zotsala zimagulitsidwa pa misika ya Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi Balaka. M'nyengo ya dzinja tomato amasowa ndipo mtengo wake umakwera, choncho mlimi amene ali naye pa nthawiyo amapeza ndalama zambiri.

Koma kuyamba mbewuzi kumavuta. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, ndipo mbande zikangomera zimakhala zanthete ngati khanda. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Balaka ndi ku Liwonde limaswa mtengo, ndipo limatha kupsereza mbande tsiku limodzi lokha. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula yamphamvu imakokolola njere kapena kugwetsa mbande m'matope. Nazonso nkhuku ndi mbuzi sizichitira chifundo mmera.

Alimi a m'mayiko ena alinso ndi vuto lawo. Kwawo kwenikweni kwa tomato ndi ku South America, ndipo adafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500 atatengedwa ndi anthu a ku Spain. Mbewuyi siipirira chisanu. Chifukwa cha ichi, anthu a ku England ndi ku Canada amafesa njere zake m'timabokosi m'nyumba, pafupi ndi zenera, nadikira kuti kunja kufunde. Njira yomweyi imathandizanso ku Machinga. Kusiyana kwake nkwakuti kuno mbande zimabisidwa ku mvula, dzuwa ndi ziweto, ndipo malo abwino ozisungirapo ndi pakhonde kapena pansi pa kachisakasa.

M'mudzi wina pafupi ndi Ntaja mudali mtsikana wa Sitandade 5 amene ankakhala ndi agogo ake aakazi pamodzi ndi mlongo wake wamng'ono. Chaka china, mwezi wa Disembala, agogowo adagulitsa nkhuku nagula kapaketi ka njere za tomato. Njerezo adazifesa pa bedi kudimba. Patapita masiku atatu kudagwa chimvula usiku wonse. Kutacha adapeza bedi lonse litakokoloka, njere zitapita.

"Kalanga ine! Nkhuku yanga yapita ndi madzi," adadandaula agogowo atagwira kunkhongo.

Mtsikanayo adagwada pafupi nawo. Monga amachitira ana ambiri a ku Machinga, iye ankaitana agogo akewo kuti anganga.

"Anganga, musataye mtima," adatero. "M'kapaketi muja mwatsala njere pang'ono. Kusukulu aphunzitsi adationetsa kafesedwe ka m'bokosi. Mundilole ndizifese pakhonde."

Agogo aja adaseka. "Mdzukulu wanga, kodi khonde lidakhalapo munda? Imvi zonsezi sindinaonepo zotere. Komabe tenga, pakuti kudimba zikapitanso ndi madzi."

Tsiku lomwelo mtsikanayo adatola beseni lakale limene lidali litatayidwa kuseri kwa nkhokwe. Adatenga msomali nabowola mabowo ambiri pansi pake kuti madzi azituluka. Bokosi la matabwa, chitini chachikulu kapena mphika wong'aluka zikadathanso kugwira ntchitoyi, malinga zikhale zakuya masentimita 10 kapena kuposerapo.

Kenaka adakonza dothi. Adasakaniza mbale ziwiri za dothi lakuda lapamwamba, mbale imodzi ya manyowa owolerana bwino ndi mbale imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Adabwereza muyeso womwewo mpaka dothi lidakwanira beseni. Manyowa amadyetsa mbande, pamene mchenga umathandiza madzi ndi mpweya kulowa m'dothi. Manyowa aawisi sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amawotcha mizu. Atachotsa miyala ndi zinyalala, adawaza madzi pang'ono pa dothilo, naliika m'chitini chachikulu, nalitereka pamoto kufikira lidatuluka nthunzi. Kutentha kumapha njere za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Dothi litazizira adalithira m'beseni nalisalaza.

M'mawa mwake adatenga kamtengo nalemba timizere pa dothilo. Timizereto tidali takuya sentimita imodzi, ndipo tidatalikirana masentimita 5. Adagwetsamo njere imodziimodzi, osati mounjika, nakwirira ndi dothi pang'ono. Mlongo wake ankangoyang'ana modabwa.

"Achemwali, bwanji simukukumba phando lakuya ngati la chimanga?" adafunsa mnyamatayo.

"Iwe, taona kuchepa kwa njerezi," adayankha. "M'kati mwa njere iliyonse muli kamba wa mmera. Njere ya chimanga ili ndi kamba wambiri, choncho mmera wake umatha kuboola dothi lambiri. Njere ya tomato ili ndi kamba wochepa. Ikakwiriridwa mozama, kambayo amatha mmera usanaone dzuwa, ndipo umafera pansi."

Atatha kufesa adayala udzu wouma wopanda njere pamwamba pa dothi kuti chinyezi chisathawe. Pothirira adagwiritsa ntchito kachitini kobowola ndi msomali waung'ono, kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza. Madzi okhuthula ndi ndowa amafukula njere. Pomaliza ana awiriwo adamanga kansanja pakhonde la kuvuma, kumene dzuwa la mmawa limafika, naikapo beseni lija. Ntchito yopirikitsa nkhuku idapatsidwa kwa mnyamatayo.

Njere imafuna zinthu zitatu kuti imere: madzi, mpweya ndi kufunda. Zonsezi zidalipo pakhondepo. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri timbande tidayamba kusuzumira, kalikonse kali ndi timasamba tiwiri. Nthawi yomweyo mtsikanayo adachotsa udzu uja. Mbande ikamera imafuna kuwala kuti ipange chakudya chake m'masamba. Ikasowa kuwala imatalika mopyapyala, imayezuka, ndipo imagwa yokha. Popeza mbande zimapendekera kumene kukuchokera kuwala, iye ankatembenuza beseni tsiku ndi tsiku kuti zikule zowongoka.

Sabata yachiwiri kudaoneka vuto. Mbande zisanu za mbali imodzi zidagwa, tsinde lake litafota pafupi ndi dothi ngati lapanidwa ndi zala. Mnyamata uja adaulula kuti ankathirira mobisa masana ndi madzulo pofuna kuti zikule msanga. Matenda amenewa amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tachibale ndi chuku, timene timaswana m'dothi lonyowa kwambiri. Amafala msanga ngati mbande zathithikana. Mtsikanayo adazula mbande zodwalazo pamodzi ndi dothi lake nakazitaya kutali. Adapatuliranso zotsalazo kuti mphepo izipita pakati pake. Kuyambira tsikulo ankathirira mmawa mokha, ndipo ankayamba wapisa chala m'dothi kuti amve ngati lauma.

Itakwana sabata yachinayi, mbande zidali zobiriwira ndi zonenepa. Agogo aja adafuna kuti ziwokeredwe tsiku lomwelo.

"Pepani anganga, tidikire sabata imodzi," adapempha mtsikanayo. "Mbandezi zakulira pamthunzi. Tikazitulutsa mwadzidzidzi zikafa ndi dzuwa. Ziyambe zakhwima."

Tsiku loyamba adaika beseni pabwalo kwa maola awiri. Tsiku lililonse ankawonjezera nthawi, kufikira mbande zidayamba kukhala padzuwa tsiku lonse. Adachepetsanso madzi othirira. Mitambo ikada, mlongo wake ankathamangira beseni nalibwezera pakhonde. Ntchito imeneyi imatchedwa kukhwimitsa mbande.

Mbande za tomato zimawokeredwa zikakhala ndi masamba anayi kapena asanu, zitatalika pafupifupi masentimita 15. Popeza kudimba kudali lowe, banjali lidaunga mizere yaitali pamtunda kuseri kwa nyumba, nilitchinga ndi mpanda wa udzu. Adawokera madzulo dzuwa litapepa. Poyamba adathirira beseni kuti dothi lifewe. Kenaka ankazula mbande iliyonse ndi supuni pamodzi ndi dothi la kumizu, naibzala pa phando lothira manyowa. Mapandowo adatalikirana masentimita 60. Mbande zonse zidakwana 36.

Ntchito siidathere pomwepo. Tomato wa dzinja amagwidwa matenda a masamba msanga. Choncho adazika timitengo namangirirapo tomatoyo kuti asagone pansi. Adaphimbira mizere ndi udzu kuti matope asathovukire pa masamba, ndipo masamba a m'munsi akayamba mawanga ankawathothola. Mitengo inayi idafa, koma yotsalayo idabereka. Mwezi wa Epulo banjali lidayamba kudya tomato wakewake. Wotsala agogo aja adakagulitsa pa msika wa Ntaja, nagula nkhuku ina ndi makope a adzukulu awo.

Si mbewu zonse zimene zimafesedwa m'bokosi. Tomato, kabichi, anyezi, mpiru, repu, tsabola ndi mabiringanya zimalola kuwokera. Zambiri mwa izi zimakhala zokonzeka pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma anyezi amachedwa, pakuti amatenga masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Kaloti, nyemba, therere ndi maungu zimabzalidwa pamalo pomwe zidzakulire, chifukwa mizu yake siifuna kusokonezedwa. Kaloti wowokera amabereka wopindika kapena wamphanda. Mlimi wofuna kudziwa mitundu ya mbewu yoyenera dera lake afunse alangizi a zaulimi. Ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, kuli malo a boma ofufuzirako za ulimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso.

Akuluakulu adati mmera mpoyamba. Mbewu imene yasamalidwa m'masabata ake oyamba imapirira dzuwa ndi mvula ikafika kumunda, pamene mbande yofooka siibereka bwino ngakhale ithiridwe manyowa ambiri. Beseni lakale, dothi labwino, kachitini kothirira ndi khama la tsiku ndi tsiku ndi zokwanira kuti banja likhale ndi ndiwo pa nthawi imene ena akuzisowa.

Mawu ofunika kuwadziwa

mbande: mbewu zazing'ono zimene zangomera, zoyembekezera kukabzalidwa kumunda
kuwokera: kuzula mbande pamene idamera ndi kukaibzala pena
kupatulira: kuzula mbewu zina kuti zotsala zikhale motalikirana
kamba: chakudya chonyamula pa ulendo
lowe: malo amene madzi akhazikika m'dothi
kuvuma: kumene dzuwa limatulukira
kuzambwe: kumene dzuwa limalowera

Mafunso

1. Kodi boma la Machinga linkatchedwa chiyani kale?
2. Tchulani nyanja ziwiri zimene zili kuvuma kwa Machinga.
3. Nchifukwa chiyani anthu a ku England ndi ku Canada amafesa tomato m'nyumba?
4. Tchulani zinthu zitatu zimene zimawononga mbande ku Machinga ndi ku Balaka.
5. Kodi agogo aja ankatanthauzanji ponena kuti nkhuku yawo yapita ndi madzi?
6. Nchifukwa chiyani mtsikanayo adatereka dothi pamoto?
7. Fotokozani chifukwa chake njere zazing'ono siziyenera kukwiriridwa mozama.
8. Nchiyani chidagwetsa mbande zisanu zija? Nanga mtsikanayo adachitapo chiyani?
9. Kodi mbande zimakhwimitsidwa bwanji?
10. Tchulani mbewu zitatu zimene siziyenera kuwokeredwa.

Ntchito ya chiyankhulo

(a) Lembani mawu otsutsana ndi awa: kuvuma, kuzula, kunyowa, kufunda, chakuya.

(b) Lembani mawu awa mochulukitsa: beseni, phando, khonde, tsinde, dimba, msomali.

(c) Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mawu awa: kupatulira, lowe, kuthithikana, kusuzumira.

(d) Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "Mmera mpoyamba." Kodi mwambiwu ungaphunzitse chiyani ana a sukulu?

Zochita

Mothandizidwa ndi aphunzitsi anu, pezani zitini ziwiri ndipo mufesemo njere za mpiru. Mbande zikamera, ikani chitini chimodzi pamalo owala ndipo chinacho pamalo amdima m'kalasi. Thirirani zonse mofanana. Pakatha masiku 7 yezani kutalika kwa mbandezo ndi rula, yang'anani mtundu wa masamba ake, ndipo mulembe m'makope mwanu zimene mwaona.