Phunziro 7: Kusowa pokhala, ufulu ndi mawu a atolankhani

Ophunzira anu a Fomu 2 ndi Fomu 3 anabadwa Murambatsvina atapita kale, koma makolo awo kuno ku Mzilikazi ndi ku Makokoba sanaiwale. Choncho simukusowa buku lochokera kunja kuti muphunzitse za kusowa pokhala. Nkhani ili pakhomo.

Kumbukirani mfundo zake. Mu May 2005 boma la Zimbabwe linayamba kugwetsa nyumba ndi malo a malonda omwe linati anamangidwa popanda chilolezo. Ku Bulawayo zipinda za kuseri kwa nyumba zinagwa, ndipo anthu a ku Killarney anathamangitsidwa m'nyengo yozizira. Mipingo inawasunga m'matchalitchi mpaka apolisi anawachotsamo mu July. Nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, ntchito yopezera chakudya, kapena zonse ziwiri.

Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Nanga mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku njanji kapena kumgodi, mudzi wake m'Zimbabwe uli kuti? Ana a mabanja otere alipo m'kalasi mwanu, ngakhale ena sakonda kudzitchula.

Tsopano tione mawu, pakuti phunziroli lagona pamenepa. M'Chishona "tsvina" ndi litsiro. M'Chingerezi ntchitoyo inatchedwa Operation Restore Order, ndiye kuti kubwezeretsa dongosolo. Nyuzipepala ya The Chronicle ndi wailesi ya ZBC, zomwe zili m'manja mwa boma, zinkaifotokoza ngati kuyeretsa mzinda. Daily News, yomwe inkadzudzula boma, inali itatsekedwa mu 2003. Atolankhani ena pamodzi ndi mipingo anaonetsa dziko lonse zithunzi za mabanja ogona panja ndi katundu wawo. Taonani: nyumba imodzimodziyo, wina akuti "chisakasa chosaloledwa", wina akuti "kwa agogo". Munthu akamva mawu oyambawo tsiku ndi tsiku, saona chifukwa chodandaulira ikagwetsedwa, ndipo olamulira amadziwa zimenezo.

Chaka chomwecho boma linayambitsa Operation Garikai/Hlalani Kuhle, ndipo ku Cowdray Park kunamangidwa nyumba, zambiri zopanda madzi ndi zimbudzi poyamba. Kodi kunali kumvera kulira kwa anthu, kapena kuopa manyazi pamaso pa mayiko ena? Musawapatse yankho ophunzira. Asiyeni atsutsane, koma aliyense anene umboni wake.

Pa za ufulu, musangoti "aliyense ali ndi ufulu". Achinyamata amatopa nawo mawu oterowo. Atsegulireni malamulo oyendetsera dziko a 2013. Gawo 74 likuti munthu asachotsedwe m'nyumba mwake, ndipo nyumbayo isagwetsedwe, popanda chigamulo cha khoti. Gawo 81 likutchula pokhala pakati pa maufulu a mwana. Afunseni ngati zimenezi zikutsatidwa masiku ano.

Chenjezo limodzi, aphunzitsi anzanga. Musayerekeze kufunsa kuti, "Ndani kwawo anawagwetsera nyumba?" Mwana amene banja lake likuchita lendi chipinda chimodzi, kapena amene amagona kwa achibale mosinthasintha, adzangoti zii, mawa osabweranso. Wofuna kukamba za kwawo adzayamba yekha.

Ntchito 7.1
Gawani kalasi m'magulu awiri. Apatseni nkhani imodzi yongopeka: mabanja khumi achotsedwa pamalo a khonsolo. Gulu loyamba lilembe mutu wa nkhaniyo ngati mneneri wa khonsolo, lachiwiri ngati mtolankhani amene wacheza ndi mayi mmodzi wa pamalopo. Kenako adule mzere kunsi kwa mawu onse otchulira anthuwo. Abwereze zomwezo ndi uthenga weniweni wa pa WhatsApp kapena Facebook wokamba za ogona m'misewu. Lembani m'kope mwanu mawu amene anabutsa mkangano kwambiri, ndipo mubwere nawo ku msonkhano wotsatira wa gulu lanu lophunzirira.