Maluwa a pa Zisumbu za Hawaii

Abale, tiphunzire za maluwa a kuthengo a ku Hawaii, zisumbu za pakati pa nyanja ya Pacific. Kumeneko kuli mitundu ngati 30 ya banja la silversword: ina mitengo, ina zitsamba, ina yoyanga. Inafikako bwanji? M'caka ca 1991 Bruce Baldwin ndi anzace anayesa DNA, ndico cizindikiro ca makolo cobisika m'comera ciri conse, napeza kuti inacokera ku tizitsamba ta ku California, mtunda woposa mamailosi 2,000. Anzeru ayesa kuti mbeu yace inamatirira pa nthenga za mbalame. Pofalikira m'zisumbuzo zidzukulu zinasiyana maonekedwe, koma kholo ndi limodzi. Momwemonso ife tisanyoze munthu wa mtundu wina, pakuti Mlengi anatiturutsa tonse mwa kholo limodzi.