Kodi masenti a pasitolo ku Los Angeles amapita kuti?

FUNSO: Nditapita kukaona mwana wanga ku Los Angeles, ndinagula nsapato zolembedwa madola 50, koma polipira anawonjezera madola ena pafupifupi asanu, akuti ndi msonkho. Ndalama imeneyi amadya ndani? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Sanakubereni, mayi. Kwathu kuno VAT imakhala kale m'kati mwa mtengo ndipo imapita ku MRA. Ku California msonkho amauwonjezera polipira. Maziko ake ndi masenti 7.25 pa dola iliyonse, ndipo pamwamba pake boma laling'ono la Los Angeles County limaikapo wake, pokhapokha anthu atavomera pa chisankho.

Anavomera kanayi kupereka theka la senti la zamayendedwe: mu 1980, 1990, 2008 ndi 2016. Masenti awiriwo amapita ku bungwe la Metro, lomwe limayendetsa mabasi ndi kumanga njanji. Sitima ya K Line, yomwe inayamba kuyenda mu 2022, inamangidwa ndi thandizo la ndalama yotereyi. Gawo lina limabwezedwa ku mizinda 88 ya m'bomalo potengera kuchuluka kwa anthu, kuti akwirire maenje m'misewu ndi kukonza pokwerera mabasi. Mu 2024 anavomeranso theka lina la senti lothandizira anthu ogona panja.

Ine chimandisangalatsa n'chakuti ntchito ya ndalamayo imalembedweratu papepala lovotera, ndiye kuipatutsa n'kovuta. Choipa chake, msonkhowu umaluma kwambiri wosauka, chifukwa amalipira mofanana ndi wolemera. Mwayi wake zakudya zambiri zokaphika kunyumba sazidula msonkho. Mukadzapitanso, sungani lisiti, muone mzere wapansi.